Mbuzi Tagula, Chingwe Chatsala kwa Mwini

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Mughese, m'mapiri a Misuku, nyengo yothyola khofi. Amalume anga ndiwo mlembi wa kagulu ka alimi a khofi m'mudzi mwathu, ndipo ali ndi kompyuta yonyamula m'manja, ija timati laputopu, imene anagula pa kaunjika zaka zitatu zapitazo. M'menemo ndimo amasungamo makilogalamu a mlimi aliyense, ngongole za feteleza, ndi ndalama zimene yense ayenera kulandira khofi akagulitsidwa. Pakhomo pawo magetsi ndi a dzuwa, kotero kuti batire ya makinawo ikafooka ntchito yonse imaima dzuwa likangolowa kuseri kwa nkhalango. Chaka chino batireyo inaferatu, ndipo amalume anandiuza kuti ndiwaperekeze ku boma ku Chitipa tikafune ina.

Tinatsika phiri m'mamawa pa matola, ndipo dzuwa lili paliwombo tinali pa benchi ya mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika. Mnyamatayo ngwaluso ndithu. Pansi pa tebulo lake pali katoni yodzaza ndi makina akufa imene iye mwini amaitcha manda, ndipo m'menemo ndimo amafukulamo masipeya. Poyamba anatulutsa batire yatsopano yochokera ku Tunduma, yofanana ndi yathu msinkhu ndi mphamvu yomwe, koma yopangidwa ndi kampani ina. Inalowa bwinobwino m'malo mwake. Titayatsa, makina analemba m'Chingerezi kuti batire imeneyi sakuidziwa, nakana kuitchaja. Pamenepo mnyamata uja anang'amba batire yathu yakale, nachotsamo timiyala takufa, naikamo tamoyo ta m'manda muja. Nayonso inakana, pakuti m'kati mwake muli kachipangizo kamene kamadzitseka kokha kakazindikira kuti munthu wagwiramo. Anatiuza kuti batire yeniyeni ya eni makina angathe kuiitanitsa kunja, koma mtengo wake pamodzi ndi wa ulendo wake ukhoza kugula laputopu ina ya pa kaunjika.

Pobwerera amalume anakhala chete mpaka pa Kapoka, kenaka anati: "Mphwanga, iwe uli ku sukulu yaukachenjede, tandiuza. Makinawa ndinagula ndi ndalama zanga za khofi. Batire ija ndikanalipira ndine. Wokonza uja wavomera, ine ndavomera. Nanga wakanayo ndani? Kwathu kuno munthu akagula mbuzi amam'patsa ndi chingwe chomwe."

Ndinalibe yankho tsiku limenelo. Nditabwerera kuno ku koleji ndinayamba kufufuza, ndipo ndapeza kuti funso la amalume lili ndi mbiri ya zaka zoposa 130. Mbiriyo ndiyo ndifuna kuika pamaso panu, anzanga, pakuti tonse tili ndi kanthu m'thumba kamene timati nkathu.

Pamene kugula kunali kugula

Makolo athu nkhani ya umwini sanali kuikayikira. Kumpoto kwathu kunali amisiri osula zitsulo, ndipo makasu a Aphoka a m'mapiri a Rumphi anali kuyenda kutali pa malonda, ena nkumalowa m'chuma cha malowolo. Wosula akalandira malipiro ake, mlandu wake ndi khasulo unali kuthera pomwepo. Wogula anali ndi ufulu wolizika pa mpini uliwonse, kulibwereketsa kapena kuligulitsa, ndipo likatha anali kupita nalo kwa wosula aliyense kuti alisandutse mpeni kapena mivi. Palibe wosula amene anatsatapo khasu lake kumunda kukaona ngati mpini wake ngwa mtengo wovomerezeka.

Malamulo a azungu nawonso anayamba ndi nzeru yomweyi. Kwawoko munthu akatulukira luso latsopano, boma limam'patsa chiphaso choletsa ena kum'kopera kwa zaka zingapo. Koma m'chaka cha 1873 khoti lalikulu koposa la ku America linaika malire pa chiphaso chimenechi, pa mlandu wa zivundikiro za mabokosi a maliro. Kampani ina inali ndi chilolezo chopanga ndi kugulitsa zivundikiro za mtundu watsopano m'dera la mamailosi 10 kuzungulira mzinda wa Boston. Munthu wina wa ntchito yoika maliro, dzina lake Burke, anagula zivundikirozo nakazigwiritsa ntchito ku Natick, kunja kwa deralo. Mwini chiphaso anam'sumira, koma khoti linati katundu akagulitsidwa mwachilungamo, mphamvu ya mwini luso pa katunduyo yatha. Osindikiza mabuku a Bobbs-Merrill analemba m'buku lawo lina kuti wina aliyense asaligulitse pa mtengo wochepera dola imodzi. Sitolo ya Macy's inaligulitsa pa masenti 89, ndipo m'chaka cha 1908 khoti lomwe lija linati wosindikiza alibe chonena pa kugulitsa kwachiwiri.

Lamulo tsono linali lomveka: kugulitsa koyamba kumadula chingwe. Zotsatirazi ndi njira zitatu zimene opanga makina apeza, ina pambuyo pa inzake, zoti chingwecho chikhalebe m'manja mwawo.

Chingwe choyamba: lendi

Njira yapafupi yozembera lamulo la kugulitsa ndiyo kusagulitsa konse. Herman Hollerith anapanga makina a magetsi owerengetsa ndi makadi obooledwa, ndipo boma la America linawagwiritsa ntchito pa kalembera wa 1890, koma pa lendi. Kampani yake inaphatikizidwa ndi ena mu 1911, ndipo mu 1924, pansi pa Thomas J. Watson, inatenga dzina la IBM. Mwambo wa lendi unapitirira. Banki, kampani ya njanji kapena ofesi ya boma inali kulipira mwezi ndi mwezi. Makina akawonongeka anali kukonzedwa ndi anthu a IBM, ndipo akakalamba anali kubwerera kwa IBM. Motero kunalibe makina a IBM a pa kaunjika, kunalibe manda ofukulamo masipeya, kunalibenso wokonza wodziimira payekha. Pamwamba pa izo, wobwereka anali kusaina kuti makadi azigula kwa IBM basi, ndipo m'makadimo munali phindu lalikulu zedi.

Mu 1936 khoti linaletsa za makadizo. Mu 1952 boma linasumiranso kampaniyo pa mlandu wophangira msika, ndipo mu Januwale 1956 IBM inavomera pangano limene liyenera kukumbukiridwa ndi wokonza makina aliyense. Panganolo linati IBM izigulitsa makina ake kwa wofuna kugula, izigulitsa masipeya kwa eni makina ndi kwa makampani okonza odziimira paokha, ndiponso izipereka mabuku ofotokoza kakonzedwe. Linaletsanso IBM kumangogula makina ake akale pofuna kuwachotsa pa msika.

Zotsatira zake sizinachedwe. Panabuka anthu ogula ndi kugulitsa makompyuta ogwirapo ntchito. Mmodzi wa iwo, Kenneth Pontikes, amene kale anali wogulitsa malonda a IBM, anayambitsa kampani ya Comdisco mu 1969, ndipo inakula kwambiri ndi malonda a makina a pa kaunjika. Pangano lija linagwira ntchito zaka zoposa 40, mpaka mbali yake yomaliza inatha mu 2001. Ndikaganizira bwino, mnyamata wa pa msika wa Chitipa ndi mdzukulu wa pangano la 1956, ngakhale iye sanalimvepo.

Zaka za chitseko chotsegula

Mu Ogasiti 1981 IBM inatulutsa kompyuta yaing'ono ya pa desiki. Chifukwa chofulumira kupikisana ndi anzawo, anaimanga ndi zipangizo zogula kwa ena: ubongo wake kwa Intel, pulogalamu yoiyendetsa kwa Microsoft, ndipo anasindikiza buku loonetsa m'mene zonse zalumikizidwira. Makampani ena, monga Compaq, anayamba kupanga makompyuta ogwirizana nayo, ndipo ena ambiri anayamba kupanga masipeya ake. Mu 1987 IBM inayesa kukokanso chingwe. Inatulutsa makina a PS/2 okhala ndi kalumikizidwe kakekake kotchedwa Micro Channel, kamene wofuna kupangira masipeya ake anayenera kulipira. Chaka chotsatira makampani 9 anagwirizana kupitiriza njira yotsegula, ndipo ogula anatsata iwowo.

Kuyambira pamenepo kompyuta ya pa desiki inakhala ngati njinga yakapalasa, imene tcheni cha ina chimalowa pa inzake. Ichi ndicho chifukwa chake makompyuta otayidwa m'maofesi a ku Ulaya anatha kufika m'masukulu a sekondale a kuno m'makontena, ndipo mmisiri anali kutenga atatu akufa nkupangapo awiri amoyo. Ambiri a ife tinayamba kugwira kompyuta pa makina otere. Tikanabadwa m'nthawi ya lendi, sitikanaiona nkomwe.

Chingwe chachiwiri: masipeya ndi inki

Opanga makina ataona kuti kugulitsa sangakupewe, anatembenukira ku zimene makina amafuna akagulidwa. Cha m'ma 1985 kampani ya Kodak, imene inali kupanganso makina okopera mapepala, inaleka kugulitsa masipeya kwa okonza odziimira paokha, nigwirizana ndi opanga masipeyawo kuti nawonso asawagulitse. Makampani okonza okwana 18 anasuma mu 1987. Kodak inati singaphangire msika pakuti opanga makina otere ngambiri, ndipo wosakhutira angathe kukagula kwina. Mu 1992 khoti lalikulu linakana mfundo imeneyi. Linati munthu amene wataya kale ndalama zambiri pogula makina ngwomangika, sangasamuke msanga, kotero kampani ikhoza kum'finya pa masipeya ngakhale ili ndi opikisana nayo pa makina atsopano. Mlanduwo utabwerera ku khoti laling'ono, Kodak inapezeka yolakwa mu 1995.

Nkhani ya inki njotchuka kuposa pamenepa. Opanga makina osindikizira a m'maofesi anaphunzira kugulitsa makinawo motchipa ndi kudulitsa inki, monga wamalonda wokupatsa nyali pa mtengo wabwino kuti palafini uzigula kwa iye yekha. Koma panali anthu otolera makatiriji otha, kuwadzazanso ndi kuwagulitsa motsika. Kampani ya Lexmark, imene inapatuka ku IBM mu 1991, inayamba kugulitsa makatiriji ena motsitsako mtengo, koma ndi mawu pa katoni akuti wogula agwiritse ntchito kamodzi kokha ndi kubweza kwa Lexmark. Inaikamonso kachipangizo koti makina azikana katiriji yodzazidwanso. Kampani ya Static Control itapanga tizipangizo tolowa m'malo mwake, Lexmark inaisumira mu 2002 pogwiritsa ntchito lamulo la 1998 limene linapangidwira kuteteza nyimbo ndi mafilimu kwa okopera. Inagonja pa apilo mu 2004.

Pamenepo Lexmark inatulutsa ziphaso zake za luso nisumira odzaza makatiriji. Ambiri anagonjera kunja kwa khoti, koma kakampani kakang'ono ka ku West Virginia, Impression Products, kanakana. Pa 30 Meyi 2017 khoti lalikulu linabwereza chiweruzo cha zivundikiro za maliro chija: katiriji ikagulitsidwa, kaya ku America kaya kunja, chiphaso chilibenso mphamvu pa iyo. Mkulu wa oweruza, John Roberts, anapereka chitsanzo cha galaja yokonza ndi kugulitsa magalimoto akale, kuti singagwire ntchito ngati wopanga sipeya aliyense ali ndi ufulu woisumira.

Chingwe chachitatu: m'kati mwa chitsulo

Khoti likhoza kuuza kampani kuti ilibe mphamvu pa katundu wogulitsidwa, koma chiweruzocho makina sachimva. Njira yachitatu ndiyo kuika kukanako m'kati mwa makina momwemo. Sipeya aliyense wofunika, kaya batire, sikirini kapena kamera, amakhala ndi kachipangizo kosunga nambala yake, ndipo makina amaloweza nambalazo kuchokera ku fakitale. Akaona nambala yachilendo amachenjeza, amazimitsa ntchito ina, kapena amakaniratu. Kuti sipeya watsopano avomerezeke pafunika pulogalamu imene kampani yokha ili nayo. Tinene kuti makina ndi sipeya sangakwatirane popanda nkhoswe, ndipo nkhosweyo ndi mmodzi pa dziko lonse.

Makampani ambiri achita izi, koma mbiri ya Apple ndiyo yalembedwa kwambiri chifukwa yafika m'makhoti a mayiko angapo. Kumayambiriro kwa 2016 eni mafoni a iPhone 6 amene anasinthitsa batani lozindikira chala kwa okonza wamba anaona mafoni awo akufa atalandira pulogalamu yatsopano, atangolemba kuti Error 53. Anthu atadandaula, Apple inapepesa nikonza vutolo, ndipo mu 2018 khoti la ku Australia linailipiritsa madola a kumeneko 9 miliyoni chifukwa chouza ogula ena kuti sangathandizidwe popeza anakakonzetsa kwina. Mu 2019 zinadziwika kuti mafoni atsopano akuchenjeza za batire yosinthidwa, ngakhale ikhale yeniyeni ya Apple yochotsedwa m'foni inzake. Mu 2021 kusintha sikirini ya iPhone 13 kunali kuzimitsa luso lozindikira nkhope, mpaka kampaniyo inabweza ganizolo. Panalinso loko womanga makina ku dzina la mwini wake woyamba. Malaputopu ambiri abwinobwino ochokera m'masukulu ndi m'maofesi, amene eni ake anaiwala kuwatsekula powagulitsa, anathera kophwanyidwa.

Chingwe chomwecho chinafikanso pa msika. Chakumapeto kwa 2018 Apple inapangana ndi Amazon, sitolo yaikulu ya pa intaneti, kuti kuyambira Januwale 2019 katundu wa Apple azigulitsidwa pamenepo ndi ovomerezedwa okha, ndipo ogulitsa ang'onoang'ono a makina okonzedwanso anachotsedwa. Mu 2023 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Spain linalipiritsa makampani awiriwa mayuro 194 miliyoni chifukwa cha panganolo. Ku Norway, mu 2017, a kasitomu anagwira masikirini 63 opita kwa munthu wina wa kashopu kokonza mafoni. Apple inam'sumira pa mlandu wa chizindikiro chake chimene chinali pa masikiriniwo, chopakidwa utoto kuti chisaoneke. Munthuyo anapambana pa khoti loyamba mu 2018, koma mu 2020 khoti lalikulu la dzikolo linaweruza mokomera Apple. M'chaka chomwecho Apple inasumira kampani ya GEEP ya ku Canada, imene inailemba ntchito yophwanya makina akale, ponena kuti makina oposa 100,000 sanaphwanyidwe koma anagulitsidwanso. GEEP inati anachita izi ndi antchito ake ena mwakuba. Mlandu unali wa kuswa pangano, koma umatiuzanso kanthu kena: makina amene analembedwa kuti aphwanyidwe anapezeka akugwirabe ntchito m'manja mwa anthu.

Mbali ya eni makina

Mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Opanga makina amati maloko amachepetsa umbava, pakuti foni yobedwa imene singatsekuke, ndipo masipeya ake sangalowe pena, ilibe mtengo. Aliyense amene anaberedwapo foni pa depoti ya mabasi sangaseke mfundo imeneyi. Amatinso batire yopangidwa mosasamala ikhoza kufufuma kapena kuyaka, ndipo nzoona. Amati batani lozindikira chala ndilo mlonda wa ndalama za mwini foni, kotero sangalole kuti lisinthidwe mwachisawawa.

Koma zifukwa zimenezi sizifika pamene chingwe chafika. Kuuza munthu kuti batire ili m'makina ake si ya fakitale ndi chinthu chabwino, makamaka kwa wogula pa kaunjika. Kukana kuitchaja ndi chinthu china. Kutseka foni imene mwini wake wanena kuti yabedwa nkoyenera, koma sipeya wochotsedwa m'makina amene munthu anagula mwachilungamo sanabedwe. Umboni waukulu ngwakuti malamulo atayamba kuwafinya, eni makina anapeza msanga njira yosiyanitsira ziwirizi. Boma la New York linakhazikitsa lamulo la ufulu wokonzetsa makina mu Disembala 2022. Oregon inatsatira mu Marichi 2024 ndi lamulo loletsa kugwiritsa ntchito nambala za masipeya polepheretsa kukonza. Mayiko a European Union anavomera lamulo lawo mu Juni 2024, limene likuletsa opanga katundu wa mitundu ina, monga mafoni, kutsekereza masipeya ogwirapo ntchito popanda chifukwa chomveka. Apple, imene inayamba kugulitsa masipeya kwa anthu wamba mu 2022, inalengeza mu Epulo 2024 kuti mafoni ake ena ayamba kulandira masipeya enieni ochotsedwa m'mafoni ena, kupatula ochokera m'foni yonenedwa kuti yabedwa. Zimene zinali zosatheka zinatheka m'nyengo imodzi.

Taonani tsono zaka izi: 1956, 1992, 2017, 2024. Palibe nthawi imene chingwe chinaperekedwa mwaufulu. Nthawi zonse panali boma kapena wokonza wamakani amene anakakamira, ndipo nthawi zonse, chingwe chikadulidwa pano, chinali kumangidwanso pena.

Ife a kumapeto kwa msewu

Alimi a ku Misuku nkhani ya umwini watheka si yachilendo kwa iwo. Boma litakhazikitsa bungwe la Smallholder Coffee Authority mu 1971, potsata lamulo la mbewu zapadera la 1963, mlimi wamng'ono anali ndi munda wake, mitengo yake ndi thukuta lake, koma khofi anali kum'gulitsa ku bungwelo basi, pa mtengo umene bungwelo lanena. Bungweli linalowedwa m'malo ndi la alimi eni ake mu 1999, limene mu 2007 linakhala Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, ndipo Misuku ndi imodzi mwa makopaletivi ake. Nkhani ziwirizi sizifanana m'zonse, pakuti kumeneko woletsa anali boma ndipo katundu anali wolima tokha. Koma phunziro lake ndi limodzi, lakuti chinthu chimene sungachigulitse kwa amene ufuna, kapena kuchikonzetsa kwa amene ufuna, sichinakhale chako kwathunthu.

Chingwe cha masipeya chimapweteka ife kuposa anthu a ku New York. Iwo makina akavuta ali ndi sitolo ya eni ake pafupi, kapena ndalama zogulira ena. Ife ambiri timagula makina amene adutsa m'manja muwiri kapena mutatu, ofika kudzera ku Dar es Salaam, Tunduma kapena Johannesburg, ndipo moyo wawo wonse wotsala umadalira manda a pansi pa tebulo aja. Ndiponso chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, foni yasanduka chikwama cha ndalama, kotero kufa kwake si nkhani ya kusowa nyimbo chabe.

Pali chinthu chinanso chimene tiyenera kuchiona msanga. Lamulo la Oregon likuletsa za nambala zija pa makina opangidwa kuyambira 2025 okha, ndipo mphamvu yake ikuthera m'malire a Oregon. Makina amene azitifika pa kaunjika m'zaka zikudzazi ndi aja anapangidwa m'zaka za maloko. Anzathu akamakondwera kuti apambana, makontena a zotsala za nkhondoyo adzakhala ali panyanja kudza kuno.

Si kuti tilibe pogwira. Dziko lathu lili ndi lamulo la mpikisano pa malonda la 1998, limene linalembedwanso mu 2024, ndiponso lamulo loteteza ogula la 2003. Bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda, limene linayamba ntchito mu 2013, likulu lake lili ku Lilongwe konkuno. Malawi payekha ndi msika waung'ono umene kampani yaikulu ikhoza kuunyalanyaza, koma mayiko 21 a COMESA akalankhula pamodzi sanganyalanyazidwe motero. Anzathu ophunzira malamulo awerenge mlandu wa Kodak ndi kudzifunsa ngati mfundo yake singaime m'khoti la kwathu. Boma ndi makoleji, amene amagula makompyuta ambiri nthawi imodzi, azifunsa asanasaine ngati masipeya a makinawo angagulidwe ndi kusinthidwa ndi mmisiri aliyense. Mabungwe otitumizira makompyuta a mphatso tiwapemphe kuti azitsekula maloko asanatumize. Ndipo anzathu a zaumisiri atsikeko ku msika akaphunzire kwa anyamata a pa mabenchi, amene amadziwa kale mtundu wa makina umene umalandira sipeya wachilendo ndi umene umakana. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa nkhani iyi omva m'mimba ndife.

Sabata yatha ndinawaimbira amalume kuwafotokozera zonsezi, kuyambira pa Hollerith mpaka pa Oregon, mpaka mayunitsi anga anatsala pang'ono kutha. Anandiuza kuti laputopu ija tsopano imagwira ntchito masana okha, ili yolumikizidwa ku magetsi, ndipo mtambo ukaphimba phiri imazima pakati pa mzere. Chifukwa cha ichi makilogalamu onse a chaka chino awakoperanso m'kope lachikuto cholimba. Atamva mbiri yonse anaseka, nati: "Ndiye kuti zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikuweta mbuzi ya eni." Kenaka anandituma kuti kagulu kawo kasanagule makina ena khofi akagulitsidwa, ndiwalembere mndandanda wa mitundu imene imabwera ndi chingwe chake. Mndandandawo ndayamba kuulemba, ndipo amene akudziwapo kanthu andipeze tikatha msonkhano wathu wa olemba.